Malume akatenga udindo wosatumidwa: kamangidwe ka katuni yoseketsa ya ku Mangochi

(Pa sikirini: mlatho wa Bakili Muluzi, njinga za kabaza zikuwoloka Shire)

Moni nonse amene mukutionera. Lero tikamba za makatuni, makamaka aja oseketsa a banja limodzi lomwelomwelo, limene sabata iliyonse limagwa m'vuto latsopano n'kutulukamo gawo lisanathe. Pa nkhani zimene olemba masewero otere amabwerezabwereza, pali imodzi yosakalamba: achibale aganiza zomupezera mwana wawo banja iye asanawatume, kenako zinthu n'kusokonekera. Ndikufuna ndikuonetseni momwe gawo lotere lingamangidwire kuno ku Mangochi, ndi anthu akwathu konkuno. Ndikuonetsaninso malo amodzi amene wolemba ayenera kupondapo mosamala kwambiri, chifukwa akaterereka pamenepo nthabwala imasanduka chipongwe kwa ana athu aakazi.

Achinyamata ambiri amene ayamba kujambula makatuni amatengera zimene anaonera pa kanema wakunja. Bambo ndi mayi aitana mnyamata ndi mtsikana ku malo odyera, awakhazika tebulo limodzi, iwo n'kubisala kuseri kwa maluwa. Zimenezo kwawo zimaseketsa, koma munthu wa ku Namwera akaonera amangoti, "Anthu amenewa ndi akuti?" Kuno nkhani ya banja siiyambira pa tebulo, ndipo kawirikawiri amene amaigwira si bambo womubala mwanayo. Ayao, Anyanja ndi Achewa amawerengera mtundu kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume, mlongo wawo wa amayi. Mnyamata akapeza mbeta amakauza malume ake, iwo ndiwo amapita kukaonekera kwa malume a mtsikana. Mbali iliyonse imasankha ankhoswe, anthu amene banjalo likadzayamba kugwedezeka adzathamangireko usiku ndi usana. Ndipo m'midzi yambiri mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwawo kwa mkazi, uja timati chikamwini.

Mwaona dongosolo lake? Mnyamata ndiye amayamba, malume n'kutsatira. Ndiye gawo lathu lonse lagona pa kutembenuza dongosolo limeneli. Malume ayamba, mnyamata sakudziwa kanthu.

(Pa sikirini: zojambula za pensulo za anthu a m'seweroli, mmodzimmodzi)

Anthu athu ndi awa. Mnyamata wa zaka 28 amene wakhala akugwira ntchito ku Johannesburg, ku Joni monga timanenera, ndipo akubwera kumudzi mu Disembala. Palibe wa ku Mangochi amene angafunse kuti munthu wotereyu ndi wotani, pafupifupi mudzi uliwonse uli naye wake. Malume ake, munthu wabwino mtima koma wosamva za mnzake. Azakhali, mlongo wawo wa bambo ake, amene zonse amayendetsera pa WhatsApp. Anganga, amene amakhala pa mkeka osalankhula mpaka nthawi yake itakwana. Ndi wa kabaza, amene amanyamula malume tsiku ndi tsiku.

Malume ali ndi mnzawo ku Malindi, mwini maboti ndi chilimira, ndipo mnzawoyo ali ndi mwana wamkazi wamkulu, wochita geni ya usipa wouma. Awiriwo agwirizana ali pagombe, maso ali pa nsomba. Tsiku lomwelo malume agula tambala wa pa chinkhoswe, poti pamwambo uja akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti. Ndiye taganizani: mwini nkhani ali ku Joni, sanauzidwe, koma tambala wagulidwa kale. Azakhali nawo, osadziwa za malume, atumiza kale chithunzi cha mnyamatayo kwa mnzawo wa ku Monkey Bay amene alinso ndi mwana wamkazi. Pamene mnyamatayo ali ndi wake kale, mphunzitsi wa ku Namwera, ndipo chimene akubwerera kumudzi n'kudzauza malume akewo kuti akamufunsirire.

Mverani foni yoyamba.

MALUME: Mphwanga, iwe ungofika basi. Zonse ndakonza.
MNYAMATA: Zonse ziti, malume?
MALUME: Zija umafuna kundiuza zija. Ine si mwana, ndinadziwa kale.
MNYAMATA: Aa, zoona? Ndiye mwagwirizana nazo?
MALUME: Kwambiri! Mwana wa khalidwe ameneyu.

Aliyense watsitsa foni ali wosangalala. Palibe wanama, palibe woipa mtima. Aliyense wamva zimene amafuna kumva. Apa ndi pamene pali mphamvu ya sewero lotere: woonera akudziwa zambiri kuposa anthu a m'seweromo. Inu muli pa mpando mukuona ngozi ikubwera, mukufuna kukuwa kuti, "Malume, tafunsani dzina lake!" koma sangakumveni. Kuseka kumachokera pa kudikira kumeneko. Wolemba amene amabisira woonera chinsinsi mpaka kumapeto, poganiza kuti adzamudzidzimutsa, amapeza kuseka kamodzi kokha. Amene waulula msanga amapeza kuseka pa chiganizo chilichonse.

Ndiye pali wa kabaza uja. Ine ndimamukonda kwambiri munthu ameneyu, ndipo ndikupemphani kuti musamutaye. Malume akakwera njinga sakhala chete. Kuchokera pa chipilala cha wotchi pa boma paja, kuwoloka mlatho, akufotokoza zonse: dzina la bambo wa mtsikana, maboti angati, tsiku la kubwera kwa alendo. Sakudziwa kuti mnyamata akupalasayu ndiye chibwenzi cha mtsikana wa ku Malindi uja. Woonera amaona nkhope ya wa kabaza kutsogolo, thukuta lili kamukamu, pamene malume kumbuyo ali mwetumwetu, tambala ali kukhwapa. Simufunika mawu ambiri. Njinga ingoyamba kuyenda mokhotakhota nthawi iliyonse dzina la mtsikanayo likatchulidwa.

Tambala nayenso mpatseni ntchito. Azilira nthawi iliyonse munthu akalonjeza chinthu chimene si chake. Koyamba anthu sazindikira. Kachiwiri ayamba kuona. Kachitatu amaseka tambalayo asanatsegule n'komwe mlomo.

(Pa sikirini: bwalo la pakhomo, mikeka iwiri, mphika umodzi wa mpunga)

Tsiku lafika. A ku Malindi alowa cha m'mawa, a ku Monkey Bay atsika minibasi masana, mpunga ndi chambo zaphikidwa zokwanira gulu limodzi. Malume akuyesa kuti enawo ndi alendo a azakhali odzangocheza, azakhali akuyesanso chimodzimodzi. Pano musathamange. Malonje akwathu ndi aatali, ndipo utali wakewo ndi chuma kwa wolemba. Aliyense akulankhula mozungulira, mwaulemu, "tabwera pa nkhani ija," "inde, nkhani ija," mpaka mkulu wina afunse kuti kodi nkhani ija ndi iti.

Tsopano tafika pamalo paja ndinati pofunika kusamala.

Njira yachidule, imene ndimaiona kawirikawiri m'masewero a pa foni, ndi yosandutsa atsikana awiriwo choseketsa. Wina amujambula wonenepa mopitirira, wina wosadziwa kuphika, kenako awamenyanitsa kulimbirana mwamuna wa ku Joni. Chonde musatero. Atsikanawa sanalakwe chilichonse. Anawabweretsa osawafunsa. Amene ayenera kutuluka thukuta ndi amene analonjeza moyo wa munthu wina ngati wawo. Kuseka kugwere malume, azakhali ndi mwini maboti uja.

Ndikunena izi mochokera pansi pa mtima chifukwa kunja kwa katuni, nkhani yomweyi kwa ana ena si yoseketsa. M'boma lathu lino alipo atsikana amene anasiya sukulu chifukwa akuluakulu anagwirizana ndi munthu wobwera ndi katundu kuchokera ku Joni. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 22, amanena kuti munthu asakakamizidwe kulowa m'banja. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakuluwo n'kutseka mpata umene unkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anadziwika dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Ku mzikiti nako, shehe asanamange ndowa, chilolezo cha mkazi chimafunika. Ku tchalitchi amafunsa aliyense payekha ngati walola.

Ndiye mu katuni yanu, atsikanawo akhale akuluakulu, ndipo zioneke poyera kuti ndi akuluakulu: wina ali ndi geni yake, wina ali pa ntchito. Mukangojambula mtsikana wa yunifolomu ya sukulu pa mkeka umenewo, sewero lanu lasiya kukhala nthabwala. Ndipo mawu otsegula maso a onse apatseni mtsikana wa ku Malindi uja. Asakhale mnyamata womupulumutsa.

MTSIKANA: Pepani kuti ndalankhula pamaso pa akuluakulu. Achimwene awa ine ndawaona lero. Munthu amene ndimagwirizana naye alipo, amayi akumudziwa.
BAMBO AKE: Ndani ameneyo?
MTSIKANA: Ali panja apo, akudikira ndalama yake kwa malume awa.

Aliyense atembenukira kumpanda. Wa kabaza waima, chipewa chili m'manja. Onani kuti mtsikanayu sanatukwane munthu. Wagwada monga mwa mwambo, walankhula mwaulemu, koma sanabweze mawu ake. Ana aakazi amene akuonera pa foni ya amayi awo aona kuti n'zotheka kukana popanda kunyoza makolo. Wa ku Monkey Bay uja nayenso anene zake mwachidule, kuti iye anauzidwa kuti akupita kukaona azakhali odwala.

Apa ndi pamene anganga amatsegula pakamwa koyamba m'gawo lonse.

ANGANGA: Amati mapanga awiri avumbwitsa. Koma inu ana anga, mwavumbwa pa mapanga a eni ake.

Malume musawasiye atagwa. Woonera amawakonda, ndipo sabata yamawa akufuna kuwaonanso. Anachita zonsezi poopa kuti mphwawo angakalambire kuchilendo wopanda pakhomo. Apatseni kamphindi koti anene mantha amenewo, kenako mnyamata agwade n'kunena zimene anabwerera: "Malume, ndimafuna mundiperekeze ku Namwera." Udindo umene amaulakalaka aupeza, koma tsopano atatumidwa.

(Pa sikirini: laputopu, pulogalamu yojambulira ili yotsegula)

Tikambe za ntchito ya manja. Kanema amayenda zithunzi 24 pa sekondi, koma ojambula makatuni ambiri amagwiritsa chojambula chimodzi kawiri, ndiye zimakhala 12 pa sekondi. Masewero otere a pa TV nthawi zambiri amatalika mphindi 22. Mukawerengetsa, ndi zojambula 15,840. Munthu mmodzi wa laputopu imodzi, magetsi akuzimazima, sangakwanitse. Yambani ndi mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, zimenenso sizimaliza bandulo ya woonera.

Nkhani yathuyi ndi yokomera wojambula wosauka, chifukwa anthu ake amakhala pansi nthawi yaitali. Thupi mulijambula kamodzi, muzingosintha pakamwa, maso ndi dzanja. Malo ndi atatu okha: gombe, mlatho ndi bwalo la pakhomo. Mphunzitsi wa ku Namwera simufunika kumujambula n'komwe, amveke pa foni basi, anthu adzamudikira m'gawo lotsatira. Mapulogalamu aulere alipo: Krita, OpenToonz ndi Blender, onse mukhoza kuwatsitsa pa intaneti osalipira.

Koma musanajambule chithunzi chilichonse, jambulani mawu. Akatswiri amatero, chifukwa pakamwa pa katuni pamatsatira mawu a munthu. Ndipo pa mawupo ndi pamene Mangochi amamvekera kapena kusowa. Pezani anthu a konkuno. Malume akakwiya alowe m'Chiyao n'kubwereranso ku Chichewa pakati pa chiganizo, monga anthu amachitiradi pamsika. Akuluakulu aziitanana ndi "Che" patsogolo pa dzina. Sankhaninso msanga ngati banjali ndi la Chisilamu kapena la Chikhristu, ndipo mukasankha tsatirani bwino: kavalidwe ka azimayi, moni wake, chakudya cha pa mkeka, tsiku lopita kokapemphera. Anthu a kuno akaona kuti mwalakwitsa zimenezi amasiya kuseka, amayamba kukonza zolakwazo.

Pojambula mawu lowani m'chipinda chokhala ndi makatani kapena matiresi, zimitsani fani, foni ikhale pafupi ndi wolankhula. Ochita sewero akhale pamodzi ndipo muwalole azidulana mawu, makamaka pa malonje aja. Ndipo tambala mukamujambule weniweni m'bandakucha, chifukwa wa pa intaneti salira ngati wa kwathu.