Mayi wa pa K200 uja ndi ndani?



Pisani m'thumba, mutulutse K200. Mwamuona mayi ali pamenepo? Timagulira naye tomato tsiku ndi tsiku, koma ambiri dzina lake sitilidziwa. Amenewa ndi mayi Rose Chibambo, obadwa mu 1928 ku Kafukule, m'boma la Mzimba.

Ndale anaziyambira ku Zomba cha m'ma 1952, atsamunda ali kalikiliki kukakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Masiku amenewo misonkhano ya chipani chomenyera ufulu cha Nyasaland African Congress inali ya abambo, amayi n'kumatsala pakhomo. Mayi Chibambo sanagwirizane nazo. Anayamba kumema amayi anzawo, ndipo kumemako n'kumene kunabala Women's League, gulu la amayi la chipanicho.

Apa tikhalepo pang'ono. M'mwezi wa Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, apolisi anadzawamanga. Anali atangochira kumene. Mwana wa masiku ochepa, mchombo usanapole n'komwe, analowa naye m'ndende ku Zomba. Amene munalerapo khanda mukudziwa: kuchapa matewera, kuyamwitsa usiku, zonsezo mlonda ali pakhomo. Mwanayo anamutcha Gadi, kutanthauza mlonda.



Ufulu utayandikira analowa m'nyumba ya malamulo, nakhala mayi woyamba kupatsidwa udindo wa wachiwiri kwa nduna. Koma sizinakhalitse. Mu Sepitembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko lilandire ufulu, nduna zinasemphana ndi Kamuzu Banda. Imodzi mwa nkhani zake inali ya tiki (kandalama ka mapeni atatu) imene odwala ankayenera kulipira kuchipatala. Kamuzu anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi, ndipo mayi Chibambo anachotsedwa nawo limodzi. Mayiwa anathawira ku Zambia, komwe anakhala zaka pafupifupi 30.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti gulu la amayi lomwe analiyambitsa kuti amayi azilankhula, linadzasanduka la Mbumba, lovinira mtsogoleri yemwe anawapirikitsa.

Anabwerera kumudzi mu 1994, zipani zambiri zitayamba. Nkhope yawo inaikidwa pa K200 mu 2012, iwo akadali moyo, moti nawonso ankagulira zinthu ndalama yokhala ndi nkhope yawo yomwe. Anamwalira mu Januwale 2016 ali ndi zaka 87, ndipo anaikidwa ku Mzuzu.