Maluwa a M'tchire ndi Tinyama ta Pakhomo Dzinja Likamatha: Kodi Bilimankhwe Amaphulikadi Pobereka?

Ndakulandirani nonse, abale ndi alongo, kuno ku Kasungu, kumene mvula yayamba kuchepa, chimanga chikukhwima m'minda ndipo fodya wadzaza m'zigafa. Mu vidiyo ya lero tizungulira limodzi kuseri kwa nyumba yanga kuti tione zomera ndi tinyama timene timapezeka pakhomo kuyambira Febuluwale mpaka Epulo. Musachoke msanga, chifukwa pa mfundo yachitatu ndilimbana ndi bodza limene lakhala likundinyansa kuyambira ndili mwana.

Mfundo yoyamba ndi ya maluwa, ndipo ndiithamangira. Uyu ndi luni, amene ambiri timangomudziwa ali mu mphika, koma akaloledwa kukula amatulutsa maluwa oyera a timiyendo titalititali ngati ta kangaude, ndipo ndi mbadwa ya kuno ku Africa. Kamaluwa kofiira aka, kamene kamera patsinde pa chimanga, ndi kaufiti. Nayenso ndi wa kwathu, koma kukongola kwake kusakupusitseni, pakuti mizu yake imalowa mu mizu ya chimanga n'kumayamwa chakudya, ndipo njere zake zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10. Muzuleni asanabale njere. Deliya wa maluwa achikasu amene adzadzaze m'mbali mwa msewu wa M1 posachedwapa ndi mlendo, anachokera ku Mexico.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti muziyang'ana pa mawaya a magetsi madzulo. Ambiri mwa anamzeze amene akusonkhana pamenepo akukonzekera ulendo wopita ku Ulaya, kumene amakaswera.

Tsopano mfundo yachitatu, ndipo ngati simunadine batani la subscribe, dinani pompano tisanapitirire. Bilimankhwe amene mukumuona pa nthambi ya gwafayi ndi wamkazi, ndipo mimba yake yafufuma ndi mazira. Tonsefe tinakula tikumva kuti bilimankhwe, makamaka kalilombe wamkulu uja, akafuna kubereka amakwera mumtengo, n'kudzigwetsa pansi, n'kuphulika kuti ana atuluke. Ena amawonjezera kuti akakuluma sakusiya ndipo ululu wake ulibe mankhwala. Ndikunena mosapita m'mbali kuti zonsezi n'zabodza. Bilimankhwe wa m'makomo mwathu amaikira mazira, ndipo kalilombe nayenso amaikira mazira. Nyengo ino yaikazi imatsika mumtengo, imafunafuna dothi lofewa, imakumba una ndi miyendo yake, imaikiramo mazira amene kawirikawiri amaposa 20, kenako imakwirira n'kuchoka. Ana amaswa patapita miyezi yambiri, mvula ina itagwa kale. N'chifukwa chake mwezi wa Malichi mumakumana nawo akuwoloka msewu mwapang'onopang'ono, ndipo amene mumamupeza ataphulika panjira mazira ali mbwee, ndi amene wapondedwa ndi njinga kapena galimoto.

Za ululu nazo n'zopanda umboni, pakuti bilimankhwe alibe poizoni m'kamwa mwake. Akatsegula kukamwa, n'kudzifufumitsa, khungu n'kuda, ndiye kuti wachita mantha, popeza mtundu wake umasintha molingana ndi kutentha, kuwala ndiponso mmene akumvera mumtima. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ineyo ndili mnyamata ndinathandizapo anzanga kutsegula kukamwa kwa bilimankhwe ndi kamtengo n'kuthiramo fodya wa mphuno, ati pomulanga chifukwa anachedwa ndi uthenga wa Chauta ndipo imfa inalowa m'dziko. Nthano imeneyo ndi yokoma pocheza madzulo, koma chimene chinapha kanyamako chinali chikonga cha mu fodya, ndipo tinapha mlenje amene amagwira ntchentche ndi ziwala ndi lilime lotalika kuposa thupi lake. Yang'anitsitsani apa, diso lina lili kwa ine pamene lina likutsata chiwala chili pa tsamba la nkhwani. Amene munamvapo nkhani ya kuphulikayi kwa agogo anu, ndilembereni m'munsimu kuti kwanuko imakambidwa bwanji.

Mfundo yachinayi, imene ndikanayenera kuyamba nayo, ndi ya njoka. Mukayamba kuunjika mapesi kapena nkhuni, makoswe amabwera, ndipo njoka zimawatsatira. Mphiri sithawa munthu, imangokhala phee pamene yagona, choncho musapise dzanja pa mulu musanautembenuze ndi ndodo yaitali, ndipo amene walumidwa apite naye kuchipatala mwamsanga osatema pabalapo. Sabata yamawa ndidzakuonetsani una umene bilimankhwe wathuyu wayamba kukumba pafupi ndi nkhokwe, ndipo ndazikapo kale kamtengo kuti ana asapondepo.