Makalata a omvera: Chiswahili tichiyambire pati?

Okondedwa omvera, makalata ambiri a sabata ino akukamba za Chiswahili, ndipo ndiyamba ndi imene yandikhudza mtima. Yachokera kwa mayi wina wa ku Karonga amene kwa zaka zingapo wakhala akukaoda zitenje ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Akuti sukulu adalekezera Sitandade 8, ndipo ulendo uliwonse amalipira mnyamata wowamasulira, yemwe akumukayikira kuti amawonjezera mitengo. Akufunsa kuti: "Kodi wamkulu ngati ine ndingaphunzire kuwerenga Chiswahili, poti ndimamva kuti chimalembedwa m'malembo a Chiarabu?"

Mayi, mtima m'malo. N'zoona kuti kale ku Lamu, ku Mombasa ndi ku Zanzibar chinkalembedwa m'malembo a Chiarabu, ndipo dzina lake lomwe lidachokera ku liwu la Chiarabu lakuti "sawahil", kutanthauza magombe, koma amishonale a zaka za m'ma 1800 monga Johann Ludwig Krapf ndi Edward Steere adachilemba m'malembo omwe mudaphunzira mu Sitandade 1, ndipo ndi amene mukuwaona pa zikwangwani mukangodutsa chipata cha Songwe. Malembo a liwu ndi asanu omwe aja, a, e, i, o, u, ndipo amatchulidwa monga m'Chichewa. Q ndi X mulibe, pamene C amayenda ndi H nthawi zonse. "Ng'ombe", "nyumba", "moto" ndi "mbuzi" amalembedwa ndi kutanthauza monga kwathu, "maji" ndi madzi, ndipo "njia" ndi njira. Mukamatchula liwu, tsindikani phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto.

Pali misampha ingapo imene imakola ife olankhula Chichewa. TH wa Chiswahili si wa mu "thupi". Nsonga ya lilime imakhala pakati pa mano, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono, monga mu "thelathini", yomwe ndi 30. DH wa mu "dhahabu", golide, amatchulidwa pamalo omwewo koma pakhosi pakunjenjemera. GH amachokera kukhosi, ndipo inu mayi mumuphunzire msanga, chifukwa "ghali sana" ndiko kunena kuti katundu wadula kwambiri. Msampha waukulu ndi L ndi R, amene kwathu timawasinthanitsa popanda wotidzudzula. Kumeneko "kalamu" ndi cholembera pamene "karamu" ndi phwando, "mahali" ndi malo pamene "mahari" ndi malowolo, choncho bambo wofuna malo ogona asamale lilime, angabwerere kwawo ali mkamwini.

Mnyamata wa ku Nkhotakota akufunsa ngati Chiswahili ndi Chiarabu. Ayi mphwanga, ndi chiyankhulo cha Chibantu ngati chathu, kungoti chidabwereka mawu ambiri kwa Aarabu. Mphunzitsi wa ku Chipata akufuna kudziwa Chiswahili cha m'mabuku: ndi Kiunguja cha ku Zanzibar, chimene chidasankhidwa pa msonkhano wa ku Mombasa mu 1928.

Tsopano mundilole ndidzudzule pang'ono, pakuti makalata odandaula kuti "amatibera chifukwa sitimva chiyankhulo" achuluka pa tebulo langa. Munthu amatha zaka akukwera basi ya ku Dar es Salaam, amadziwa pogona ndi posinthira ndalama, koma sadavutikepo kuloweza manambala khumi. Komatu moja, mbili, tatu, nne, tano akumveka ngati athu omwe, "kumi" ndi khumi, ndipo ofuna khama ndi sita, saba, nane ndi tisa basi. Chiyankhulo chimene SADC idachivomereza mu 2019 kuti chizigwiritsidwa ntchito pa misonkhano yake, chimenenso UNESCO idachipatsa tsiku lakelake la 7 July, sitingamachisiyire anyamata a pa depoti, ife n'kumangoloza katundu ndi chala.

Kalata yotsiriza ndi ya bambo wa ku Mzuzu amene adauzidwa ku Mbeya kuti basi inyamuka "saa moja asubuhi", iwo n'kukafika pa depoti 1 koloko usiku. Pepani bambo, Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa. Mudazizidwa maola asanu ndi limodzi pachabe.