Makalata a omvera: Ndi mabuku ati a nthano zamatsenga amene akuyenera kukhala filimu?

Takulandiraninso nonse, kaya muli pakhonde, kaya mu minibasi, kaya mukutimvera pa foni kuchokera ku Johannesburg. Sabata yatha ndinakufunsani za mabuku a nthano zamakono aja, a maiko ongopeka okhala ndi zinjoka, matsenga ndi mafumu, amene pa Chingerezi amati fantasy. Funso linali lakuti ndi ati amene mukulakalaka atasanduka filimu kapena sewero la magawomagawo la pa kanema. Makalata abwera ochuluka, ndipo lero tiwerenga asanu.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Ndirande. Akuti: "Akulu, ine ndikufuna Mistborn ya Brandon Sanderson. Taganizani dziko limene masana kumagwa phulusa ngati mvula, usiku kumakhala nkhungu yokhayokha, ndipo mfumu imodzi yakhala pampando zaka 1,000. Ndiye kagulu ka mbava nkupangana zoigwetsa. Imeneyi ikadzatuluka ndidzaionera katatu."

Mphwanga, wasankha bwino, ndipo chifukwa chake ndi ichi: matsenga a m'mabuku amenewa ndi ooneka ndi maso. Munthu amameza tizidutswa ta zitsulo nkumatiwotcha m'mimba, chitsulo chilichonse ndi mphamvu yake. China chimakankha zitsulo zimene zili pafupi, china chimazikoka, china chimapatsa nyonga, china chimanola maso ndi makutu. Vin, mtsikana wokulira mumsewu amene ndi mwini nkhaniyi, akaponya kandalama pansi nkukakankha, amatumphuka kupitirira madenga. Woonera atha kugwira malamulo ake m'mphindi zochepa, ndipo pankhondo iliyonse adziwa chifukwa chake uyu wapambana uyo wagonja. Komanso nkhaniyi ndi yomalizidwa. Buku loyamba linatuluka mu 2006, ndipo pofika 2008 onse atatu oyambirira anali m'manja mwa owerenga.

Mawu akuti yomalizidwawo muwasunge, chifukwa kalata yachiwiri ikugunda pomwepo. Yalembedwa ndi namwino wina wa ku Chipata: "Achimwene, palibe buku limene linandigoneka mochedwa ngati The Name of the Wind la Patrick Rothfuss. Kvothe, mwini nkhani yake, ndi woimba, ndipo ndikufuna nyimbo zakezo ndidzazimve ndi makutu."

Achemwali, apa ndikukanirani, koma mwaulemu. Buku limenelo linatuluka mu 2007, lachiwiri mu 2011, ndipo lachitatu, lomwe ndi lotsiriza, owerenga akhala akuliyembekezera kuchokera nthawi imeneyo. Tinaona kale zimene zimachitika opanga kanema akamuthamangira mlembi kutsogolo. Game of Thrones inayamba pa kanema wa ku America wa HBO mu 2011 ili ndi mabuku a George R. R. Martin oiwongolera. Mabuku atatha, nkhani isanathe, opangawo anayenda okha, ndipo gawo lomaliza la mu 2019, la zigawo 6 zokha, linasiya anthu ambiri akudandaula kuti zonse zangokhutulidwa mwachangu. Vuto lina ndi la nkhani zazitali kwambiri. The Wheel of Time ya Robert Jordan ili ndi mabuku 14, koma kampani ya Amazon inaimitsa sewero lake la pa kanema mu 2025 itangopanga magawo atatu. Kumuyambitsa munthu ulendo nkumusiya pachigwa si chinthu chabwino. Tiyeni timudikire mlembi atsirize.

Kalata yachitatu ndi yolemba pamanja, masamba awiri, yochokera kwa aphunzitsi opuma pantchito a ku Nkhotakota. Ndiwerengako pang'ono. "Mwana wanga, ndinawerenga A Wizard of Earthsea ndili ku koleji ya zauphunzitsi. Ndinakulira kunyanja, ndipo linali buku loyamba limene ndinapezamo munthu wodziwa bwato, mphepo ndi mafunde monga ankazidziwira bambo anga. Nditazindikira kuti Ged ndi wakhungu lofiirira, ndinabwerera kutsamba loyamba nkuyambiranso. Adzukulu anga anandionetsa filimu yake, koma Ged amene ndinamuona m'menemo sindinamudziwe."

Bambo, kalata yanu yandikhudza, ndipo pa mabuku onse amene atchulidwa sabata ino awa a Earthsea ndi amene inenso ndimawalirira. Kwa amene simukuwadziwa, anawalemba ndi mayi wa ku America, Ursula K. Le Guin, kuyambira 1968, ndipo onse pamodzi alipo 6. Dziko lake ndi la zilumba zokhazokha. Ged ndi mnyamata woweta mbuzi pachilumba cha Gont, wanzeru koma wodzimva. Atapita kusukulu ya matsenga pachilumba cha Roke, pofuna kuonetsa mnzake kuti iye ndi katswiri, anaitana mzimu wa munthu wakufa. Pamodzi ndi mzimuwo panatuluka chithunzithunzi chopanda dzina chimene chinamukhadzula nkhope nkuyamba kumulondola kulikonse. Buku lonse ndi iye kuthawa pabwato, mpaka mphunzitsi wake Ogion atamulangiza kuti atembenuke, ayambe iyeyo kuchisaka. Mathero ake sindinena, mukawerenge nokha.

Chimene chimandikoka ine ndi nkhani ya maina. Ku Earthsea chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni, ndipo wolidziwa ali ndi mphamvu pa chinthucho. Mnyamatayu ali wakhanda ankatchedwa Duny. Atakwanitsa zaka 13 anamulowetsa m'madzi, dzina la kuubwana linachotsedwa, ndipo Ogion anamunong'oneza dzina latsopano, lakuti Ged. Anthu wamba ankangomuti Sparrowhawk. Kwa ife amene tikudziwa kuti wochokera kudambwe kapena kusimba amabwera ndi dzina lina, ndipo kumuitana la kuubwana nkumulakwira, izi sizifuna kumasulira.

Filimu imene adzukulu anakuonetsaniyo, ngati inali ya anthu enieni, ndi ya mu 2004 ya Sci Fi Channel. M'buku anthu ambiri a pazilumbazo ndi ofiirira kapena akuda, Vetch mnzake wa Ged ndi wakuda, ndipo oyera khungu ndi a Karg, obwera kudzafunkha. Opanga filimuwo anatenga Mzungu, Shawn Ashmore, kuti akhale Ged, ndipo mayi Le Guin anadzudzula poyera. Mu 2006 a Studio Ghibli ku Japan anapanganso ya zojambula motsogozedwa ndi Goro Miyazaki, nayonso inasakaniza mabuku angapo nkutuluka nkhani ina. Ndiye Earthsea yayesedwa kawiri, koma sinapangidwebe moyenera. Vuto lake ndi lakuti mulibe nkhondo zikuluzikulu zimene amalonda a mafilimu amakonda. Muli munthu, bwato, nyanja ndi mantha. Ikufunika wotsogolera wosaopa kuti chithunzi chikhale chete kwa mphindi zingapo, ndiponso Ged wa khungu limene mlembi anamupatsa. Mayiyo anamwalira mu 2018 asanaione filimu yoteroyo.

Yachinayi ndi yodzudzula, yochokera kwa mkulu wa mpingo wa ku Dedza. "Bambo, ine pulogalamu yanu ndimaikonda, koma sabata yathayi mwandikhumudwitsa. Mukulimbikitsa ana athu kukonda za ufiti. Kodi mavuto a ufiti amene tili nawo m'midzi sakukwana?"

Zikomo bambo polankhula mosabisa, ndipo nkhawa yanu sindikuichepetsa. M'midzi mwathu muli agogo amene amenyedwa, ena kuphedwa, chifukwa chongowaganizira ufiti. Koma ndikupempheni tisiyanitse. Tonsefe tinakulira pa "padangokhala", "tili tonse", kumva za Kalulu wolankhula ndi za mbalame yoimba nkuulula wakupha. Agogo potiuza zimenezo sankatiphunzitsa kukhwima, ankatiphunzitsa kuti choipa sichibisika. Mabuku awa ndi nthano zomwezo, zangotalika. J. R. R. Tolkien, mlembi wa The Lord of the Rings, anali Mkatolika wolimbikira, ndipo mnzake C. S. Lewis analemba mabuku 7 a Narnia momwe mkango Aslan ukufa m'malo mwa mwana wolakwa nkuukanso. Pamene ndikugwirizana nanu ndi pakuti si buku lililonse kapena filimu iliyonse imene ili ya ana. Game of Thrones yomwe ndatchula ija si yoonera pamodzi ndi ana ngakhale pang'ono. Makolo tizidziwa zimene zikuonetsedwa m'mavidiyo shoo ndi pa mafoni.

Kalata yomaliza ndaisunga dala, ndipo bambo a ku Dedza muimvetsere. Yachokera kwa mayi wina wa m'boma la Machinga. "Achimwene, mwana wanga wamkazi ndi wachialubino, ali Sitandade 8. Msuweni wake anamubweretsera buku la Akata Witch la Nnedi Okorafor. Analiwerenga kawiri, kenako anandiuza kuti, amayi, mtsikana wa m'bukumu ali ngati ine ndipo ndi amene akupulumutsa anzake. Chibadwire sanaonepo munthu wofanana naye pa kanema, kupatula pa nkhani za maliro ndi za kukhothi. Ndikupempha buku limeneli likhale filimu."

Mayi, zikomo, ndipo mumupatse moni mtsikanayo. Bukuli linatuluka mu 2011, lotsatira lake Akata Warrior mu 2017, ndi Akata Woman mu 2022. Ku Nigeria ndi ku Britain loyambalo limagulitsidwa ndi mutu wakuti What Sunny Saw in the Flames, chifukwa liwu lakuti akata ndi lonyoza anthu akuda obadwira kunja. Sunny ndi wa zaka 12, wobadwira ku America kwa makolo achi Igbo, amene abwerera naye ku Nigeria. Kusukulu amamuseka kawiri, chifukwa cha khungu ndi chifukwa cha kumene anabadwira. Amakonda mpira koma dzuwa limamuletsa. Kenako akuzindikira kuti ndi mmodzi wa anthu otchedwa Leopard People, ndipo pamodzi ndi anzake atatu, Orlu, Chichi ndi Sasha, akutumidwa kukalimbana ndi munthu amene akuba ndi kupha ana pofuna mphamvu. M'dziko lawolo muli kanthu kena kamene ndimakakonda: ndalama zawo, zotchedwa chittim, zimagwa kuchokera m'mwamba munthu akaphunzira chinthu chatsopano. Pa kanema zimenezo zingakongole kwambiri, ndipo mwana wasukulu aliyense angazimvetse.

Ndikugwirizana nanu kuti likhale filimu, koma ndili ndi nkhawa ziwiri ndipo sindikubisirani. Yoyamba: kuyambira cha mu 2014 dziko lathu laona abale athu achialubino akubedwa, kuphedwa, ngakhale manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti matupi awo ali ndi mphamvu yolemeretsa. M'bukumu mphatso ya Sunny ndi yolumikizana ndi khungu lake. Wowerenga amakhala m'mutu mwa Sunny masamba onse, amamudziwa ngati mwana wokwiya, woseka, wokangana ndi alongo ake, ndipo amaona bwino kuti woipa ndi wopha ana uja. Filimu imathamanga, ndipo kuno kwathu ambiri adzaionera itamasuliridwa ndi ma DJ a mavidiyo, amene amawonjezera zawo kuti anthu aseke. Wotsogolera wosasamala, kapena womasulira wosasamala, atha kusiya m'mitu mwa anthu chinthu chimodzi chokha, chakuti alubino ali ndi matsenga. Zikatero filimuyo idzakhala yavulaza mwana yemwe imati imusangalatse.

Yachiwiri ndi ya dzuwa. M'nkhaniyi Sunny atalowa m'gulu lija dzuwa limasiya kumuwotcha, mpaka akusewera mpira masana. Ndi nthano, ndipo ndi yokoma kuiwerenga. Koma mwana wanu, mayi, asasiye chipewa, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza khungu, chifukwa khansa ya pakhungu imapha anthu achialubino ambiri mwakachetechete.

Ndiye ndikanakhala ndi mwayi wolankhula ndi amene adzaipange, ndikanapempha kuti Sunny adzaseweredwe ndi mtsikana wachialubino weniweni, osati wopakidwa zoyeretsa, kuti ijambulidwe ku Nigeria komweko, ndiponso kuti anthu achialubino adzakhale nawo patebulo polemba seweroli kuyambira tsiku loyamba. Ikhale ya magawomagawo, buku limodzi gawo limodzi, kuti tidzakhale ndi nthawi yomudziwa Sunny kunyumba ndi kusukulu asanagwire mpeni wake wa matsenga.

Pa nkhawa yoyamba ija sindikufuna mawu omaliza akhale anga. Omvera achialubino, ndi inu a bungwe la APAM, loimira anthu achialubino, ngati mukutimva, tilembereni: filimu yotere ingakuthandizeni kapena ingakuikeni pachiswe? Mayi a ku Machinga, mumufunsenso mwana wanu funso lomweli, ndipo akalola, alembe yekha. Makalata amenewo ndi amene tidzayambire sabata yamawa.