Makina akalira, musathamangire sopo ndi mchenga

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Anyamata kumbuyoko, sunthirani pafupi, chifukwa ndinu amene mwayamba kuyenda ndi makina ofufuzira zitsulo aja m'minda ya anthu.

Ndanyamula zinthu zitatu. Choyamba ndi ichi, chiyende m'manja. Mwaona bowo pakatipo? Agogo mwaseka, mwalizindikira khobidi. Litembenuzeni: pali njovu ziwiri zaimirira, ndipo kumbali inayo m'mphepete mwalembedwa Rhodesia and Nyasaland. Ndi ndalama ya nthawi ya chitaganya, chomwe chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Mukapeza laling'onopo lokhala ndi akadyamsonga, limenelo ndi theka la khobidi. Kubiriwira uku ndi khalidwe la mkuwa ukakhalitsa m'dothi. Ine langa loyamba ndidalikwecha ndi mchenga mpaka kuwala ngati mphika watsopano, chaka chake n'kufufutika. Ndimadandaulabe. Madzi pang'ono ndi mswachi wofewa, basi.

Mtundu wa chinthu umakuuzani zambiri musanafunse munthu. Chofiirira, chonyenyeka, chogwira maginito, ndi chitsulo. Chobiriwira ndi mkuwa. Chotuwa, chaching'ono koma cholemera modabwitsa, kawirikawiri ndi mtovu, monga zipolopolo za mfuti zagogodera.

Chachiwiri ndi ichi chooneka ngati mwala wopserera, chamabowobowo ngati chisa cha njuchi. Ambiri mumachitaya kumalire a munda. Izi ndi zotsala za ng'anjo, pomwe makolo ankasungunulira miyala kuti apeze chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa. David Livingstone atafika kwa Amang'anja mu 1859 adawapeza akusula makasu awo okha. Ndiye zikachuluka pamalo amodzi, pamodzi ndi mapale ndi zidutswa za mipope yadothi, musakumbenso. Jambulani ndi foni chili pomwepo, yezani kuya kwake ngakhale ndi mpini, muuze amfumu, iwo adziwitse a nthambi yoona zinthu zakale. Chikangolowa m'thumba n'kusakanikirana ndi zina, ngakhale akatswiri a kunyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri amangochiyang'ana, sichiwauzanso kanthu. Ndiponso munda wa mwini sitilowa popanda odi.

Chachitatuchi ndichigwira ndekha. Ndi chikhokho cha chipolopolo, chidaombedwa kale, m'kati mulibe kanthu. Kunsi kwake kumakhala zilembo za fakitale, nthawi zambiri ndi manambala a chaka. Ku Karonga, komwe Angerezi ndi Ajeremani adamenyana mu Seputembala 1914, zoterezi sizodabwitsa.

Koma tamverani bwino, makamaka inu olima kufupi ndi malire a Mozambique, komwe nkhondo idatha mu 1992. Chitsulo chobulungira, chokhala ndi zipsepse kumchira kapena kamphete pamutu, musachigogode ndi khasu kuti muone za m'kati, musachiike pamoto, musapite nacho kwa ogula zitsulo zakutha. Dzimbiri siliphetsa onga. Zikani nthambi chapatali, chotsani ana, wina athamangire kupolisi.

Khobidi langa lili ndi ndani? Libwere kuno lisanalowe m'thumba la munthu.