Mpini ndi ndalama zingati? Zomwe zinayankhulidwa pa msonkhano wa banki m'khonde

Amayi ndi abambo, akumbuyo sendererani kuno. Mwamva zomwe zachitika sabata yathayi. Mnzathu analandira uthenga pa foni woti wawina, koma atumize kaye kenakake. Anatumiza ndalama ya feteleza, lero nambala ija siikupezekanso. Musamuseke. Mawu anga ndi amodzi: nkhani ya ndalama muziigonera kaye, musatumize tsiku lomwelo.

Ndikufunseni. Khasu ndi mpini pamodzi ndi K11,000. Khasu likuposa mpini ndi K10,000. Mpini ndi zingati? Ambiri mwati K1,000. Ayi, ndi K500, khasulo ndi K10,500. Werengerani bwino. Funso lotere analigwiritsa ntchito wofufuza wina dzina lake Shane Frederick ku America mu 2005, pofuna kuyeza kuti ndani amalumphira yankho loyamba kubwera m'mutu, ndani amaima kaye n'kulikayikira. Anapezanso kuti olumphirawo nthawi zambiri amasankha ndalama yochepa lero m'malo mwa yochuluka mwezi wamawa. Anthu timasiyana. Wina tsiku logulitsa fodya amagona ndi ndalama, wina imamuyabwa m'thumba. Abambo mukudziwa amene ndikunena!

(Mayi wina: "Nanga ife amene sukulu tinalekera panjira, si ndiye tagwa kale?")

Ayi mayi, zikomo pofunsa. Mafunso a Frederick anali atatu, ndipo ngakhale ku yunivesite yotchuka ya Harvard ophunzira ambiri sanawakhoze onse. Vuto ndi liwiro. Komanso si nthawi zonse pamene kufulumira kumachokera mu mtima wa munthu. Ku yunivesite ya Rochester ku America anayeza ana powapatsa switi n'kuwauza kuti akadikira osadya alandira ina: amene wamkulu anawalonjeza zinthu n'kukwaniritsa ankadikira nthawi yayitali asanadye switi, pamene amene ananamizidwa sankachedwa kudya. Mu February, nkhokwe ili mbee, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndani sangakhulupirire uthenga woti wawina? Akubawo akuzidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakuuzani kuti "tumizani pompano, mwayi ukutha". Inu igonereni kaye.

Ku Kenya alimi ena anapatsidwa mwayi wolipiriratu feteleza atangokolola, ndalama zikadali m'manja, ndipo othira feteleza anachuluka. Anthu ake omwewo, koma anadzimanga okha nthawi yabwino.

Ndaona ena ayamba kusuzumira kunja, ndithamange. Dzidziweni: ngati munayankha K1,000, ndinu wofulumira, musamachite za ndalama nokha. Uthenga ukabwera, onetsani mlembi wathu kapena m'bale amene amachedwa kuvomera zinthu. Mpikisano umene simunalowe simungawine. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atati akuyimba kuchokera ku kampani. Ya feteleza isungeni m'gulu muno mukangogulitsa mbewu. Ndipo musatumize tsiku lomwelo, mwamva? Amlembi, itanani mayina tiyambe kuponya masheya.