MH370: Inatera Pamadzi Kapena Inagwa Chamutu?

Pali chidutswa cha phiko la ndege ya MH370 chomwe chinakokolokera pagombe la chilumba cha Pemba ku Tanzania mu Juni 2016. Chikumbukireni, chifukwa tibwererako.

Pa 8 Malichi 2014, ndegeyi, Boeing 777 ya Malaysia Airlines, inanyamuka ku Kuala Lumpur ulendo wa ku Beijing, muli anthu 239. Ola lisanathe, kachipangizo kouza oyang'anira maulendo a ndege komwe ili kanazima. Rada ya asilikali inaiona ikukhotera kumadzulo, kenako zii. Setilaiti ya kampani ya Inmarsat yokha ndiyo inkalandirabe tizizindikiro mpaka 8:19 m'mawa, ndegeyo ili kum'mwera kwa nyanja ya Indian, mafuta atatha.

Mkangano wagona pa mphindi zomalizazi. Larry Vance, yemwe kale ankafufuza ngozi za ndege ku Canada, akuti munthu anali pa chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo anaitsitsa mwadala kuti itere pamadzi. Umboni wake ndi chidutswa china cha phiko chomwe chinapezeka pachilumba cha Réunion mu Julayi 2015: kumbuyo kwake n'kong'ambika, ngati chinakhula madzi chili chotambasuka.

Akatswiri a ATSB, bungwe lofufuza ngozi za ndege ku Australia, akukana. Ndege ikamatera, woyendetsa amatambasula zipepeso za kumbuyo kwa mapiko kuti liwiro lichepe. Chidutswa cha ku Pemba chija ndi cha chipepeso chotere, ndipo atachiyang'anitsitsa, mikwingwirima yake inasonyeza kuti chinali chopinda pamene chinkathyoka. Tizizindikiro tomaliza ta setilaiti natonso tikusonyeza ndege ikutsika mothamanga, liwiro likuwonjezereka. Kuwonjezera apo, pa zidutswa zomwe zinatoledwa m'magombe pali zina za m'kati mwenimweni mokhala anthu. Ndege yotera mwaulemu singamwaze zam'kati chonchi. Ine ndaima ndi a ATSB, ngakhale funso la amene anaikhotetsa poyamba likundisowetsabe mtendere.

Musaone ngati ndi mtsutso wongotayitsa nthawi. Ngati inagwa chamutu, ili pafupi ndi pamene setilaiti inaimva komaliza. Ngati wina anaiuluza yopanda mafuta, ikhoza kukhala makilomita oposa 100 kutali ndi pamenepo. Sitima zinasesa pansi pa nyanja malo okwana masikweya kilomita 120,000 mpaka Januwale 2017, kampani ya Ocean Infinity n'kuyesanso mu 2018, koma osaipeza. Abale ena a anthu 239 aja anachita kupita okha ku Madagascar mu Disembala 2016, kukayenda m'magombe kufunafuna zidutswa.